Dandaulo la Ife Oima Kuseri kwa Kauntala

Kwa inu a ku Unduna wa Zantchito, kwa inu mabwana eni mashopu, komanso kwa inu makolo ndi abale athu amene mumadzagula.

Amene tikulemba kalatayi ndife ogulitsa m'mashopu. Ena timadula nsalu ndi zitenje ku Limbe, ena timagulitsa misomali, penti ndi simenti ku Malangalanga, ena tili pa tilu m'masupamaketi a mu Blantyre ndi Lilongwe, ena timakweza mabelo a shuga m'maholoselo a ku Mzuzu, ndipo ena tili m'timashopu ta feteleza ndi mbewu m'maboma. Mayina athu sitilemba, a mashopu omwe sititchula, chifukwa mawa m'mawa tiyenera kukaima pakhonde lomwe lija kudikira kuti bwana afike ndi makiyi. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tamva kwa nthawi yaitali, ndipo takhala tikungouzana tokhatokha m'minibasi ndi pachiwaya. Lero tati mumveko nanunso.

Tiyambe ndi mpando, poti pa zonse zimene tipemphe muno chotsika mtengo kwambiri ndi chimenechi. M'mashopu ambiri mpando ulipo umodzi, pafupi ndi kabati ya ndalama, ndipo ndi wa bwana kapena wa dona. Enafe timaima kuyambira pamene chitseko chatsegulidwa mpaka loko atalowa madzulo. Kasitomala akhalepo, asakhalepo, iwe uzioneka uli chilili. Ukatsamira shelefu umva mawu kuchokera kukauntala: “Iwe, wabwera kudzagona kuno?” Ukaba kamphindi n'kukhala pa katoni ya sopo kuseri, kamera yakuona kalekale. Amati wogulitsa wokhala pansi amathamangitsa makasitomala. Chonsecho bwana mwiniwake amakhala tsiku lonse, ndipo palibe kasitomala amene anabwererapo pakhomo chifukwa chomuona atakhala.

Pansi pa shopu pamakhala simenti kapena matailosi. Munthu akamayenda, minofu ya m'miyendo imakankha magazi kuti abwerere kumtima, koma akaima pamodzimodzi tsiku lonse magaziwo amaunjikana kumapazi. N'chifukwa chake nsapato imene inalowa bwinobwino m'mawa, pofika 3 koloko masana imakhala ikuthina. Madzulo ukavula n'kudina pamwendo ndi chala, pamatsala kadzenje kamene kamatenga nthawi kuti kabwerere. Amene takhalitsa pantchitoyi tili ndi mitsempha yotupa, yopotanapotana, m'akatumba ndi kuseri kwa mawondo, moti amayi ena mwa ife anasiya kuvala siketi yofika m'mawondo. Zidendene zimabaya podzuka m'mawa. Chiuno ndi msana ndiye osanena. Kuchipatala amatiuza zoona ndithu: muzikhalako pansi pakapita nthawi, muzikweza miyendo, musamaime nthawi yaitali. Timavomera kuti chabwino adokotala, n'kulandira panado ndi bufeni, mawa lake n'kukaimanso pomwe paja.

Musaganize kuti nkhani ya mpandoyi taiyambitsa ndife. Ku Britain anakhazikitsa lamulo mu 1899 lokakamiza eni mashopu kuika mpando umodzi pa atsikana atatu alionse ogulitsa. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linalemba mu 1964, m'pangano lake lonena za ukhondo m'mashopu ndi m'maofesi, kuti antchito apatsidwe mipando yokwanira komanso mpata woti aikhalire. Ku Kerala, m'dziko la India, amayi ogulitsa m'mashopu a nsalu analimbana zaka zingapo mpaka mu 2018 boma la kumeneko linasintha lamulo kuti akhale ndi ufulu wokhala pansi. Kuno timagulitsa mipando ya pulasitiki yosanjikizana mpaka kudenga, wogulitsayo alibe ngakhale umodzi.

Ina ndi nkhani yochititsa manyazi kuinena pagulu, koma tiinena. Chimbudzi. M'mashopu ambiri chilipo chimodzi, kiyi wake ali m'thumba mwa bwana. Antchito amauzidwa kuti azipita cha kumsika kapena cha kudepoti, kumene n'kolipira, ndipo ndalama yake ndi ya m'thumba mwako. Popita uyenera kupempha ngati mwana wa sitandade 1, ndipo ukachedwako pang'ono akufunsa kuti unakatani. Mapeto ake tinaphunzira kusamwa madzi. Mwezi wa Okutobala, malata akuotcha, mafani kulibe, munthu umafika madzulo pakamwa pali gwa chifukwa choopa kuti mkodzo ukupweteketsa. Kenako timadabwa kuti matenda a chikhodzodzo satitha, pokodza pamaotcha, mutu umangowawa. Amayi akakhala kumwezi ndiye amazunzika koposa, chifukwa posinthira palibe, posamba m'manja palibe, ndipo zimenezi sungakafotokozere bwana wamwamuna pamaso pa makasitomala. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndowa ya madzi ndi sopo zinkaikidwa pakhomo kuti a khonsolo aone. Kuseri kumene ife timadyera kunalibe kalikonse. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la 1997 limanena za madzi akumwa, zimbudzi, posamba m'manja, mpweya wokwanira ndi bokosi la chithandizo choyamba. Mudzabwere mudzatifunse kuti bokosi limenelo tinaliona liti.

Nkhomaliro timadya mosinthana, chothamanga, ena chiimire. Kukachuluka makasitomala imafika 3 koloko kapena kulephereka kumene. Masiku oyandikira malipiro ambiri a ife timangotuluka n'kukakhala pamthunzi, n'kubwerera titapukuta pakamwa ngati tadya.

Pofunsira ntchito amatiuza kuti tizigulitsa. Koma tsiku limene lole yafika, wogulitsa uja ndiye wotsitsa katundu, chifukwa aganyu amafuna ndalama pamene ife tinalipidwa kale. Lole ya matani 30 imanyamula matumba 600 a simenti, lililonse makilogalamu 50, ndipo anyamata anayi kapena asanu ayenera kuimaliza dalaivala asanayambe kuliza hutala. Wilibala kulibe, tirole kulibe, thumba limachoka palole kubwera paphewa kapena pamutu. Simenti ikakumana ndi thukuta imaotcha khungu. Yang'anani m'khosi ndi m'mapewa mwa anyamata a m'mahadiweya, mupeza zipsera ndi khungu losenda. Ukamina madzulo chimatuluka ndi chotuwa, ndipo chifuwa chake sichimva mankhwala a pagolosale. Malata amacheka manja, waya waminga amang'amba zala, koma magulovesi amene apachikidwa pashelefu ndi ogulitsa, si ovala ife. Ukamaliza kutsitsa uyenera kupukuta nkhope n'kubwerera pakauntala ukumwetulira.

Anzathu a m'mashopu a zaulimi ali ndi lawo. Kuyambira mwezi wa Okutobala mpaka mvula itakhazikika amakhala m'kati mwa fungo la feteleza ndi mankhwala ophera mbozi, udzu ndi anankafumbwe. Mabwana ena amagula mankhwala m'zigubu zikuluzikulu n'kuuza mnyamata kuti azigawa m'timabotolo ting'onoting'ono, chimanjamanja, m'chipinda chopanda zenera. Mankhwala ambiri otere amalowa m'thupi kudzera pakhungu komanso popuma. Mnyamatayo akayamba chizungulire, nseru ndi kutuluka malovu, amamuuza kuti amwe mkaka zitha. Mkaka suchotsa poizoni m'magazi, ndipo iye amene amalangizayo sagwirako chigubucho. A m'mashopu a penti nawo amapuma thina tsiku lonse mpaka mutu kuzungulira.

Magetsi akazima, jenereta imalizidwa m'kanjira ka kuseri kapena m'sitolo momwe, poopa kuti panja aiba. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wina wopanda fungo, umene umayamba ndi kupweteketsa mutu ndi kufooketsa, ndipo m'chipinda chotseka umapha. Ife amene timatumidwa kusitolo kukatenga katundu ndi amene timaupuma. Ndipo poti tafika kusitoloko, tinenenso kuti chitseko cha kumbuyo chimakhala ndi maloko awiri, mazenera ali ndi zitsulo, makatoni afika kudenga, mawaya a magetsi ali lendelende. Moto utabuka kutsogolo, amene ali kumbuyo alibe potulukira.

Mnzathu wina wa m'shopu ya hadiweya anatumidwa kukatsitsa zitini za penti pashelefu ya pamwamba. Makwerero a m'shopumo anali othyoka mwendo umodzi, omangidwa ndi waya, ndipo aliyense ankadziwa. Anagwa chagada, chitini cha malita 20 n'kumutsatira pamwendo. Bwana sanafunse kuti wapweteka pati. Choyamba anayang'ana ngati chitini chaphulika. Kenako anatulutsa ndalama ya kabaza n'kunena chapansipansi kuti, “Kuchipatalako ukanene kuti wagwa kunyumba.” Mnzathuyo anakanenadi choncho, poopa ntchito. Anakhala pakhomo ndi pulasitala, ife tikumusonkhera ya ufa, ndipo atachira anapeza pamalo pake paima wina. Lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pantchito la 2000 limati wovulala akugwira ntchito alipidwe, ndipo bwana akanene za ngoziyo ku ofesi ya leba. Koma buku la kuchipatala linalembedwa kale kuti anagwa kunyumba. Apita nalo kuti? Mabwana amadziwa bwino chimene amanenera mawu amene aja, ndipo ife timawamvetsa mochedwa.

Za maola. Lamulo la ntchito la 2000 limati pa sabata munthu agwire maola osapitirira 48, ndipo opitirira apo ndi ovataimu: ola limodzi lilipidwe ngati limodzi ndi theka, ndipo ukagwira tsiku lako lopuma kapena la tchuthi cha boma, lilipidwe kawiri. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kufika 7:30 m'mawa kudzasesa, kukolopa ndi kutulutsa katundu wa pakhonde, kuweruka 5:30 madzulo mutalowetsa zonse, Lolemba mpaka Loweruka. Amenewo ndi maola 60. M'masupamaketi ena amatseka 8 koloko usiku, ndiye wa pa tilu atsale kuwerengetsa ndalama. Mwezi wa Disembala Lamulungu lomwe timagwira. Tsiku lowerengera stoko amatitsekera m'kati mpaka usiku, n'kutipatsa fanta ndi bani ngati malipiro. Ukatuluka minibasi zatha, kabaza wakwera mtengo, ndipo wa ku Bangwe, ku Ndirande, ku Chinsapo, ku Mtandire kapena ku Mchengautuwa ayambe wapansi mumdima, kudutsa malo amene aliyense amadziwa kuti amalanda mafoni. Pa envulopu ya malipiro mawu oti ovataimu sitinawaonepo. Koma uchedwe mphindi khumi m'mawa chifukwa cha mvula, akudula theka la tsiku.

Tsopano tifike pa chimene chimatisowetsa tulo kuposa miyendo: shoti.

Amene simunagwirepo ntchito m'shopu mwina simudziwa kuti wogulitsa amagwira ntchito mwezi wonse osadziwa kuti alandira zingati. Ndalama zikaperewera pa tilu, ndi shoti yako. Tilu yomweyo masana anagwirapo supavayiza pamene iwe unapita kukadya, anagwiraponso mwana wa bwana atachokera kusukulu, koma shoti ndi yako. Wina akakupatsa K5,000 yachinyengo pa nthawi imene mzere wafika pakhomo, makina oyezera ndalama kulibe, ndi yako. Wina akakuonetsa uthenga wabodza pafoni kuti watumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, netiweki ikuvuta, bwana akukuwa kuti fulumira, ndi yako. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inkasintha kangapo pamwezi. Pashelefu palembedwa wina, m'kompyuta muli wina, bwana wanena wina pakamwa. Ukagulitsa pa mtengo wa dzulo, kusiyanako ndi kwako. Botolo likagwa m'manja mwa kasitomala, ndi lako. Makoswe akaboola thumba la mpunga kusitolo, nalonso ndi lako. Katundu akadutsa deti ali pashelefu, akuti sunamukankhe. Ndipo powerenga stoko pakasowa zinthu, zimene mwina anaba ndi akuba olowa ngati makasitomala, kapena zinaperewera kale pochokera kuholoselo, ndalamayo amaigawa pamitu ya antchito onse, wosesa yemwe.

Koma ndalama zikapitirira pa tilu, zimene zimachitikanso, palibe tsiku anati iyi ndi yako, kapena tiisunge idzafafanize shoti ya mawa. Imalowa m'kabati mwakachetechete. Apa ndi pamene timaonera kuti shoti si njira yophunzitsira munthu kusamala. Ndi njira yoti zotayika zonse za bizinesi azisenze wantchito, phindu lokha likhale la mwini. Lamulo sililola bwana kulipiritsa wantchito chindapusa. Limalola kubweza mtengo wa katundu amene wantchitoyo waonongadi, ndipo limafuna kuti munthu azilandira pepala losonyeza malipiro ake ndi zimene zadulidwa. Ife timalandira envulopu yopyapyala ndi mawu awiri: “Unashota, ukudziwa.” Ukafunsa kuti tsiku liti, ndalama zingati, yankho ndi limene aliyense wa ife analoweza: “Ngati sukufuna, geti lili apo. Panja pali anthu ambiri ofuna ntchito.”

Sitikunena kuti pakati pathu palibe wakuba. Alipo, ndipo amatiipitsira mbiri tonse. Wakuba agwidwe ndi umboni, apite kupolisi. Koma chifukwa cha iyeyo, tonse timasechedwa potuluka, pakhonde, anthu odutsa mumsewu akuonerera. Mlonda amakupapasa m'matumba, m'masokosi, m'chiuno. Mayi wa ana atatu, wa mvano kumpingo kwake, amakhuthula kachikwama kake pakatoni, mapadi ndi zonse zili poyera, mnyamata wa msinkhu wa mwana wake akusanthula ndi chala. Tsiku lililonse. Munthu ukamatengedwa ngati mbava m'mawa ndi madzulo kwa zaka, mtima umadwala. Ena mwa ife BP inakwera tikadali achinyamata, ena amalota akuwerenga chenji, ena amakafika kunyumba n'kukalipira ana popanda chifukwa.

Nanga malipiro ake ndi otani kuti tipirire zonsezi? Boma linaika malipiro otsikitsitsa pa K50,000 mu 2021, n'kukweza kufika K90,000 mu Febuluwale 2024, kenako K126,000 mu Juni 2025. Ukagawa K126,000 ndi masiku 26 ogwira ntchito, imakwana K4,846 patsiku. Pamenepo pachoke minibasi yopita ndi yobwera, pachoke chimbudzi, pachoke kachipisi ka masana. Chotsalacho chilipire lendi, makala, ufa, ndiwo, sopo ndi zofunika kusukulu. A Centre for Social Concern amawerengetsa mwezi ndi mwezi ndalama zimene banja la m'tauni limafunika kuti lipeze zofunika zenizeni, ndipo chiwerengero chawo chimaposa malipiro amenewa kangapo. Komanso si tonse amene timalandira ngakhale yotsikitsitsayo. Alipo amene amasayina pepala lolembedwa ndalama ina, m'manja n'kulandira ina. Timagwira mamiliyoni tsiku ndi tsiku, timadziwa mtengo umene bwana anaodera ndi umene akugulitsira, timaona phindu likulowa. Tikaweruka timakagula kawokumani ka ufa ndi kamafuta ka m'chubu. Pofika pa 10 takongola kale kwa akatapila kapena kubanki m'khonde.

Ambiri a ife tilibe kapepala kalikonse kosonyeza kuti tinalembedwa ntchito, ngakhale lamulo limati bwana apereke zolembedwa za ntchitoyo pasanathe mwezi umodzi. Munthu wagwira zaka zisanu akumutchulabe waganyu. Ena amawaimitsa pakatha miyezi ingapo n'kuwalembanso mwatsopano, kuti zaka zisawerengeke. Cholinga chake n'chodziwika. Wopanda pepala alibe tchuthi cha pachaka, chimene kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ndi masiku 18. Alibe tchuthi cha matenda, chimene ukatha chaka pantchito ndi milungu inayi ya malipiro athunthu ndi isanu ndi itatu ya theka. Alibe penshoni, imene kuchokera mu 2011 lamulo limati bwana aziikako 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Choipa koposa n'chakuti ena amatidula 5 peresentiyo mwezi ndi mwezi, koma tsiku limene wachotsedwa n'kupita kukampani ya penshoni, umakapeza kuti dzina lako kulibe, kapena ndalama zinasiya kufika kalekale.

Amayi ali ndi mtolo wina pamwamba pa umenewu. Mtsikana akaima amabisa mimba ndi juzi mpaka itakana kubisika, akunyamulabe makatoni, akuimabe tsiku lonse mapazi atatupa, chifukwa akudziwa chimene chichitike bwana akazindikira. Tsiku la sikelo amalidula ngati wajomba. Lamulo limapereka milungu isanu ndi itatu ya uchembere ndi malipiro athunthu, ndipo kuchotsa munthu chifukwa cha mimba ndi mlandu. Mu 2021 anaonjezeranso milungu iwiri ya abambo mwana akabadwa, ndi nthawi yoti mayi azikayamwitsa. Koma m'shopu mawu amene timamva ndi akuti, “Pita ukachire, tidzakuitana.” Foniyo siilira. Pali kenanso kamene atsikana ambiri amangomeza: supavayiza woitanira kusitolo kuti mukawerenge katundu awiriwiri, bwana wolonjeza kufafaniza shoti ngati umvera, kasitomala wogwira dzanja polandira chenji osafuna kulisiya, wina wopempha nambala mokakamiza. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amayi ndi abambo limati khalidwe limeneli ndi mlandu wa chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende. Koma mtsikana akadandaule kwa yani, pamene wolakwayo ndi yemwe amasunga buku la shoti?

Tikudziwa kuti ena powerenga izi anena kale mumtima kuti, ndi amwenye amenewo, ndi matchaina amenewo. Ayi, tisanamizane. Tagwira ntchito kwa amwenye, kwa matchaina, kwa maburundi, kwa makampani akuluakulu ochokera kunja, komanso kwa Amalawi anzathu. Nkhanza zilibe mtundu. Ena mwa ife tinazunzika kwambiri m'shopu ya munthu wa kwathu, wopemphera naye mpingo umodzi, amene amakutchula mwana wanga n'kumakulipira theka, ati poti umadya nsima ya kunyumba kwake. Ndipo alipo mabwana a mitundu yonseyi amene amalipira pa nthawi yake, amapereka tchuthi, amabwera pamaliro. Mashopu awo sanagwe chifukwa cha zimenezo. Iwowa ndi umboni woti zimene tikupemphazi n'zotheka.

Mabwana, mavuto anu timawaona, poti tili nanu m'shopu momwemo. Ndalama zakunja zikusowa, katundu akuchedwa pachipata, lendi ya shopu yakwera, misonkho ikudikira, ndipo pa zionetsero, ngati za pa 20 Julaye 2011 ndi za 2019, mashopu ena anaswedwa. Pa masiku oterowo amene amatsitsa zitseko zachitsulo miyala ikugwa ndi utsi wokhetsa misozi uli m'maso ndife, ndipo shopu ikatsekedwa masiku awiri ena mumatidulanso. Chimene chimatipweteka ndi ichi: katundu wanu mumamuwerenga mwezi ndi mwezi, mumamulembera mlonda, mumamuikira kamera ndi inshuwalansi, mumamuteteza ku dzuwa ndi chinyezi. Katoni ikanyowa mumakhumudwa tsiku lonse. Koma msana wa munthu amene amanyamula katoniyo suli m'buku lililonse. Ukatha, mumangosintha munthu.

Inunso makasitomala, bambo ndi mayi, tikupempheni pang'ono. Mtengo sitiika ndife. Shuga akasowa, n'kuuzidwa kuti tizigulitsa mapaketi awiri pamunthu, si ife tabisa. Mukatitukwana pamzere, mukatiponyera ndalama pakauntala, mukatiitana ndi likhweru, sitingayankhe, chifukwa tinauzidwa kuti kasitomala salakwa. Ndipo chonde, mukaona kuti takupatsani chenji chopitirira, bwezani. Imeneyo si ndalama ya bwana, ndi ndiwo za ana athu.

Mwina mufunsa kuti bwanji osalowa m'mabungwe. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka, kulipidwa moyenera ndi kulowa bungwe la apantchito. Bungwe la ogwira ntchito m'mashopu ndi m'mafakitale la CIAWU lilipo, pansi pa bungwe lalikulu la mabungwe a apantchito la MCTU. Koma m'shopu ya anthu asanu ndi mmodzi, bwana amadziwa pofika masana amene wabweretsa fomu, ndipo sabata yomweyo munthuyo amapezeka ndi shoti yaikulu. Sitikuimba mlandu anzathu amantha, nafenso ndife amantha. Kungoti taona kuti masiku amene ogulitsa a msewu wonse anakana kulowa m'mashopu pamodzi, mabwana anakhala pansi n'kumvetsera. A mabungwe, musadikire kuti tikupezeni kumaofesi kwanu. Ife masana sitituluka. Tipezeni Lamulungu, kumakwalala kumene timakhala.

Wochotsedwa ntchito popanda chifukwa ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa leba wa m'boma lake, ndipo zikakanika nkhaniyo imapita kukhoti la Industrial Relations Court. Ambiri a ife timazimva izi miyezi itatuyo itadutsa. Amene amapita amafunika ndalama ya minibasi ulendo uliwonse, alibe pepala la ntchito, alibe pepala la malipiro, ndipo anzake amene akadali m'shopu sangamuikire umboni. Mbali inayo imabwera ndi loya. Pofika tsiku la chigamulo munthu anabwerera kumudzi kalekale. N'chifukwa chake tikuti chithandizo chenicheni chifike tikadali pantchito, osati titachotsedwa.

Inu a Unduna, malamulo amene tatchula munowa sitinapeke, munalemba ndinu, ndipo akanati azitsatidwa theka lokha kalata ino sitikanalemba. Tikupempha kuti pakhoma la shopu iliyonse pamatidwe pepala la m'Chichewa ndi m'Chitumbuka lonena malipiro otsikitsitsa, maola, ovataimu, tchuthi ndi nambala ya foni yoimbapo munthu osatchula dzina. Khonsolo isamapereke laisensi kwa shopu yopanda chimbudzi ndi madzi a antchito. Shoti iliyonse ilembedwe tsiku lomwelo, wogulitsa awerenge nawo ndalamazo n'kusayina, ndipo tilu imene agwirapo anthu awiri isadulitse mmodzi. Kusecha kuzichitikira m'chipinda, mkazi asechedwe ndi mkazi.

Ndipo oyendera malo a ntchito akamabwera, asamayambe aimba foni. Tsiku limene bwana wadziwa kuti kukubwera a leba, m'mawa mwake timagawiridwa madasitikoti atsopano ndi magulovesi ochokera pashelefu, amene alibe mapepala amauzidwa kuti akayende kaye kumsika, ndipo otsalafe timaphunzitsidwa ndalama yoti titchule tikafunsidwa. Madzulo magulovesi aja amabwerera m'mapaketi mwake. Bwerani mwadzidzidzi, Loweruka la kumapeto kwa mwezi kapena tsiku limene lole ya simenti yaima pakhomo. Musathere mu ofesi. Lowani kusitolo, yesani kutsegula chitseko cha kumbuyo, kwerani makwerero athu, pemphani kiyi wa kuchimbudzi muone kumene achokere. Pemphani buku la malipiro ndi malisiti a penshoni, muyerekeze ndi mitu ya anthu amene mwawapeza akugwira ntchito. Mukafuna kumva kwa ife, musatifunse bwana ataima pambali, chifukwa tidzakuuzani kuti zonse zili bwino. Tengani mmodzimmodzi, panja, ndipo muwafunse onse, kuti asadzadziwike amene wanena.

Ndife,
Ogulitsa m'mashopu a m'Malawi